Moto Umodzi, Manja Awiri: Phunziro la Chakudya cha Madzulo m'Mabanja a ku Chawama

Mawu oyamba

Pano pa sukulu ya ulimi timathera miyezi yambiri tikuphunzira za nthaka, mbewu, manyowa ndi madzi. Komatu ulendo wa chakudya suthera m'munda kapena pamsika. Umathera m'mimba mwa mwana. Pakati pa msika ndi mimba ya mwanayo pali munthu amene mabuku a ulimi samutchula kawirikawiri. Ameneyu ndi mayi amene amakoleza mbaula dzuwa likamalowa, khanda lili kumsana, mwana wina akulirira chakudya, winanso akufuna womuthandiza ntchito ya kusukulu.

Ambiri mwa ophunzira athu amachokera m'makomboni a Lusaka, ndipo akamaliza maphunziro amabwerera komweko. Phunziro la mwezi uno talikonza poganizira mabanja a ku Chawama, ngakhale kuti a ku Kanyama, Matero, Mtendere ndi George adzazindikiramonso moyo wawo. Mfundo yake ndi imodzi. Kuwonjezera pa ndalama, zinthu zimene zimaperewera kwambiri pa chakudya cha madzulo ndi nthawi ya mayi ndi moto. Choncho banja lofuna kudyetsa bwino ana ake liyenera kuchotsa ntchito zina pa maola a madzulo, n'kuzisamutsira ku nthawi ina ya tsiku ndiponso m'manja mwa anthu ena a pakhomo.

1. Malo amene mayi amaphikira

Chawama ili kumwera kwa tauni ya Lusaka, pafupi ndi msewu wa Kafue, moyandikana ndi Misisi, Kuku ndi John Howard. Inayamba ngati malo amene anthu ofuna ntchito m'tauni ankamangapo nyumba popanda mapulani. Lamulo la nyumba la m'chaka cha 1974 litakhazikitsidwa, boma linavomereza makomboni otere, ndipo ndi ngongole ya World Bank misewu ndi mipope ya madzi zinafika ku Chawama, George ndi Chaisa. Kuchokera nthawi imeneyo anthu achuluka kwambiri, koma mapuloti sanakule. Lero mabanja angapo amachita lendi pa puloti imodzi, banja lililonse chipinda chimodzi kapena ziwiri, chimbudzi n'chimodzi. Khitchini ya amayi ambiri ndi pakhonde kapena pakhomo penipeni.

Pansi pa derali pali thanthwe la miyala ya laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi. M'nyengo ya mvula madzi amadikha m'njira ndi m'mabwalo, moti malo ophikira ndi malo osewerera ana amapanikizana pa kakhonde kamodzi.

Za moto nazo zasintha. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo m'miyezi ina magetsi ankazima maola 17 kapena kuposerapo patsiku. Mabanja amene anali ndi sitovu anabwerera ku mbaula ndi malasha, ndipo firiji inaleka kukhala chinthu chodalirika. M'chaka chomwecho bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi ndi mwezi limawerengera mtengo wa zofunika za banja la anthu 5, linapeza kuti mu Lusaka mtengowo unadutsa K10,000 pamwezi. Mabanja ambiri a ku Chawama sapeza ndalama zotere. N'chifukwa chake ufa amagula wa pamela, saladi wa m'kabotolo, malasha a m'kapulasitiki, tsiku ndi tsiku, ndipo kugulako kumachitika madzulo, ndalama ya tsikulo ikapezeka.

2. Tiyeni tiwerenge nthawi

Mlimi wanzeru amawerenga masiku a mbewu. Ifenso tiwerenge mphindi za pa mbaula. Tiyerekeze mayi amene wafika pakhomo 17 koloko kuchokera kumsika, ndipo ndiwo za tsikulo ndi nyemba ndi repu.

Kukoleza malasha mpaka agwire bwino kumatenga pafupifupi mphindi 15 kapena 20. Nyemba zouma zosaviika zimafuna maola awiri kapena atatu, ndipo pa nthawi imeneyi malasha amafunika kuwonjezera. Repu amafuna mphindi 15. Nsima, kuyambira kuteleka madzi, kuwiritsa phala, kuvundula mpaka kuomola, imafuna mphindi 30 kapena 40. Madzi osamba a ana amafunanso moto womwewo. Popeza mbaula ndi imodzi, miphika siingaphikidwe nthawi imodzi. Iyenera kudikirana pamzere. Tikaphatikiza zonsezi, nsima imafika pamphasa cha m'ma 21 koloko.

Pa nthawi imeneyo mwana wa zaka ziwiri wagona kale. Ena amamudzutsa n'kumudyetsa ali m'tulo, ndipo amameza mbamu ziwiri n'kukana. Ena amamusiya agone, poti madzulo anamugulira kapaketi ka tokometsera pakantemba kuti atonthole. Mayiyo sanachite ulesi ndipo sanasowe chikondi. Chimene chamugonjetsa ndi masamu a moto umodzi ndi manja awiri.

3. Woluza ndi wamng'ono

Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi poyerekeza ndi zaka zawo. Kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha. Kumakhudzanso kukula kwa ubongo ndi mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda. Kumayambika makamaka m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. N'chifukwa chake bungwe la National Food and Nutrition Commission limaika mtima kwambiri pa masiku amenewa.

Malangizo a World Health Organization ndi omveka. Miyezi 6 yoyambirira mwana ayamwe bere lokha. Kuyambira miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, uku akuyamwabe. Kuyambira miyezi 9 mpaka 23 adye katatu kapena kanayi, ndi tina tapakati kamodzi kapena kawiri. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi imalandira pafupifupi kapu imodzi ya mamililita 250 pa nthawi imodzi. Munthu wamkulu akaphonya chakudya cha madzulo amatha kubwezera mawa; mwana sangathe, chifukwa chotengera chake n'chaching'ono. Monga mbande ya pa nazale imene yasowa madzi sabata zoyambirira, amakula ndithu, koma osafika pamene akanafika. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

M'chaka cha 2021 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe ogawa zakudya m'magulu 6: za ufa ndi za mizu monga chimanga ndi kandolo, ndiwo zamasamba, zipatso, nsomba, mazira ndi zina zochokera ku nyama, mkaka, ndiponso nyemba ndi nshawa. Palibe amene akunena kuti magulu onsewa akwanire pa mbale imodzi ya madzulo. Koma patsiku lathunthu tiyesetse kuti mwana alaweko ambiri mwa iwo. Njira zotsatirazi cholinga chake ndi chimenechi.

4. Njira yoyamba: moto ugwire ntchito mayi ali kwina

Choyamba ndi kuviika. Sankhani nyemba usiku, kaya ndi za Kabulangeti kapena za Solwezi, muzitsuke, muziviike m'madzi ambiri kwa maola 8 kapena usiku wonse. Tayani madzi oviikirawo, muphike ndi madzi atsopano. Nyemba zoviika zimapsa msanga kwambiri kuposa zouma, ndipo sizitupitsa mimba ngati zosaviika. Musathiremo soda pofuna kuti zifewe msanga, chifukwa soda amawononga ena mwa mavitamini.

Chachiwiri ndi dengu losunga kutentha. Nzeru imeneyi si yachilendo. Ku Ulaya ankaphikira m'mabokosi odzaza udzu pa nthawi ya nkhondo, mafuta atasowa, ndipo ku South Africa kuli thumba la nsalu lotchedwa Wonderbag limene limagwira ntchito mofananamo. Chinsinsi chake n'chakuti chakudya chimapsa ndi kutentha, osati ndi lawi. Mphika ukawira bwino, n'kuufunditsa kuti kutentha kusathawe, umapitiriza kuphika wokha.

Kapangidwe kake nkotere. Tengani dengu lalikulu kapena katoni yolimba. Yalani pansi ndi m'mbali zinthu zouma zosunga kutentha, monga bulangeti lakale, zitenje zotha, udzu wouma, zometa za matabwa za kwa kalipentala kapena nyuzipepala zofinya, mochindikala masentimita 10 mbali zonse. Pakati pakhale chisa cholowa poto wanu mothina. Sokani pilo wovundikira pamwamba. Poto akhale wa chivundikiro chogwira bwino, ndipo akhale wodzaza ndithu, chifukwa chakudya chochepa chimazizira msanga.

Nyemba zoviika ziwire mwamphamvu pamoto kwa mphindi 15 mpaka 20. Musafupikitse nthawi imeneyi, pakuti nyemba zosawira mokwanira zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, ndipo amafa ndi kuwira kwenikweni. Kenako, osavundukula, ikani poto m'dengu, vundikirani ndi pilo, musiye kwa maola atatu kapena anayi. Mpunga umafuna kuwira mphindi 5 ndi ola limodzi m'dengu. Nthawi yabwino ndi kuwiritsa nyemba pa moto wa chakudya cha masana, kuti pofika 17 koloko zikhale zitapsa. Madzulo n'kungokazinga matimati ndi anyezi, kuthiramo nyemba, kuwiritsanso mphindi zingapo. Kuwiritsanso kumeneku musakudumphe, chifukwa chakudya chofunda chabe ndicho chimene majeremusi amaswanamo.

Mukatero, maola awiri kapena atatu achoka pamzere wa mbaula, malasha apulumuka, ndipo poto wa m'dengu sapserera, safuna womuyang'anira, komanso satentha mwana wokwawa.

5. Njira yachiwiri: ndiwo zikhale pakhomo

Ulendo wa kumsika madzulo umadya nthawi imene sitiiwerengera. Ngakhale puloti ilibe malo a dimba, thumba la makilogalamu 50 limaima pa malo osakwana sitepe imodzi.

Sakanizani magawo awiri a dothi labwino ndi gawo limodzi la manyowa owola bwino. Tengani chitini chobooka pansi, muchiimike pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, ndipo m'mbali mwake muthire dothi. Kwezani chitinicho pang'onopang'ono mukubwereza zomwezo mpaka thumba lidzaze. Mzati wa timiyala umene watsala pakati ndiwo njira ya madzi. Bowolani timabowo m'mbali mwa thumba motalikirana masentimita 15 mpaka 20, mubzalemo mbande za repu kapena chayinizi. Pamwamba mubzale bondwe, anyezi wa masamba kapena kalembula. Thumba limodzi limasunga mbewu 20 kapena kuposerapo. Liikeni pamene dzuwa limafika maola 6 patsiku, ndipo likhale pa njerwa kuti madzi osefukira a m'nyengo ya mvula, amene amasakanikirana ndi za m'zimbudzi, asalikhudze. Thirirani malita atatu mpaka asanu patsiku kudzera pa timiyala. Madzi otsukira mpunga, nyemba ndi ndiwo ndi abwino. A sopo wambiri kapena mankhwala oyeretsera zovala ayi.

Repu amayamba kuthyoledwa patapita sabata zinayi kapena zisanu mutawokera, bondwe msanga kuposa pamenepo. Thyolani masamba a m'munsi okha kuti mbewu ipitirize kuphuka. Matumba atatu kapena anayi obzalidwa mosiyanitsa sabata ziwiri amapatsa banja ndiwo kangapo pa sabata.

Musaiwale mfutso. Kumapeto kwa mvula, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, chibwabwa ndi masamba a nyemba ndi a khobwe amachuluka ndipo amatsika mtengo. Aviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, muyanike pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala kuletsa ntchentche ndi fumbi. Akauma mpaka kufumbutuka, sungani m'chigubu chotseka bwino. Agogo athu a kum'mawa ankasunga m'zikwatu. Chigubu chouma chimagwira ntchito yomweyo. Mfutso safuna kusadzula kapena kudula pa tsiku lophika.

Nshawa nazo musinje kamodzi pa sabata, nsinjiro zake musunge m'botolo louma. Posankha, tayani zonse zofota, zakuda ndi zachuku. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo safa ndi kuphika. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo unachenjeza dziko za poizoni yemweyu atapezeka mu ufa wina wa chimanga. Kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu mungamukazinge pang'ono popanda mafuta, kumusinja, ndi kusunga ufa wake. Supuni imodzi ya ufa umenewu m'phala la mwana imamupatsa zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa popanda kuyatsa moto wina.

6. Njira yachitatu: manja achuluke

Mutu umodzi susenza denga. Zimene tafotokozazi zikangowonjezedwa pa ntchito za mayi yekha, ndiye kuti tamusenzetsa katundu wina m'malo momupeputsa. Ntchito ya chakudya cha madzulo igawidwe molingana ndi msinkhu.

Ana a zaka 3 mpaka 5 angathe kuthothola masamba ku mitengo yake ndi kubweretsa masupuni. Pamene akuchita zimenezi ali pamaso pa wamkulu, kutali ndi moto. A zaka 6 mpaka 9 asankhe nyemba, athirire matumba a ndiwo, ayale mphasa. A zaka 10 mpaka 13 atsuke ndi kudula ndiwo, asinje nshawa, atsuke mbale. Oposa pamenepo aphunzire kuphika nsima, wamkulu ali pafupi. Mndandanda umenewu ndi wa anyamata ndi atsikana omwe. Kuyambira mu Januwale 2022, pamene maphunziro a m'sukulu za boma anakhala aulere mpaka kusekondale, ana ambiri anabwerera kusukulu. Mtsikana wachisamba asakhale mayi wachiwiri pamene alongo ake akusewera mpira, pakuti nayenso ali ndi mayeso omudikira. Ndipo mnyamata amene sadziwa kugwira mthiko adzavutika yekha tsiku limene adzachite lendi chipinda chake.

Kwa inu abambo, tili ndi pempho. Ola la pakati pa 17 ndi 19 koloko ndilo lolemetsa kwambiri pakhomo. Mukakhalapo, nyamulani khanda, khalani ndi ana pa mabuku awo, tungani madzi, kolezani mbaula. Mukakhala kuti muli kuntchito, gulani ndiwo pobwerera, kapena siyani ndalama ya ndiwo m'mawa kuti amayi asadikire inu kuti ayambe kuphika. Mukadziwa kuti muchedwa, nenani kuti ana adye. Nsima yanu idzakudikirani m'dengu ili yotentha. Ulemu wa bambo suchepa chifukwa ana adya iye asanafike. Umakula pamene ana ake akukula bwino.

Amayi ambiri a ku Chawama akulera ana okha, ndipo ena amadzuka 4 koloko kukapikula katundu ku Soweto Market n'kubwerako madzulo. Kwa iwo manja owonjezera ndi anansi a pa puloti. Mabanja awiri angathe kusinthana: lero wina awiritse nyemba za mabanja onse pa moto wake wa masana, mawa mnzake. Chilimba chimene amayi amachita kale chingathandize kugula thumba la ufa la makilogalamu 25 kapena thumba lathunthu la malasha. Tengani pensulo, muwerengere ndalama zimene mumawononga pa pamela mwezi wathunthu, muyerekeze ndi mtengo wa thumba. Kusiyana kwake ndiyo ndalama ya mazira a ana.

7. Moto, utsi ndi madzi

Mayi wotanganidwa sangakhale ndi maso paliponse, choncho malo ophikira akonzedwe kuti adziteteze okha. Mbaula ndi yaifupi, yofanana msinkhu ndi mwana wokwawa. Iikeni pakona, pamalo osapendekeka, ndipo mutchinge ndi benchi kapena njerwa. Zogwirira za poto ziloze kukhoma. Phala la nsima likamawira limathovukira kutali. Pa nthawi imeneyo khanda lisakhale pamiyendo kapena pachifuwa. Poto wa madzi otentha asasiyidwe pansi. Palafini asasungidwe m'botolo la chakumwa.

Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo saladi, mankhwala otsukira mano, dzira kapena dothi. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite naye ku chipatala cha Chawama kapena kiliniki imene ili pafupi. Akamwa palafini musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala.

M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndiponso mvula ikamagwa, ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba. Malasha oyaka amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo ogona samadzuka. Mbaula isagone m'chipinda chotseka, ngakhale ikuoneka ngati yazima. World Health Organization inawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unachititsa imfa pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osakwana zaka 5. Phikirani panja kapena pakhomo lotsegula, mwana ali kumbali imene utsi sukupita.

Za madzi, Lusaka sanaiwale. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. National Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30. Makala otsala nsima itapsa angathandize kuwiritsa madzi akumwa a mawa. Posamba m'manja tisiye beseni limodzi loyambira kwa bambo kutsirizira kwa mwana, pakuti wotsirizayo amasamba litsiro la onse. Tisambe mothirirana, ndi sopo. Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo mkute ndi ndiwo zotsala zitenthetsedwe mpaka kutuluka nthunzi mkati mwake mwana asanapatsidwe.

8. Pamphasa

Cholinga cha zonsezi n'chakuti banja likhale pansi pamodzi ana asanayambe kuwodzera, makamaka isanakwane 19 koloko.

Mwana wosakwana zaka 5 akhale ndi mbale yakeyake. Pa mbale ya onse, wa manja aang'ono ndi wodya pang'onopang'ono amapeza ndiwo zatha, ndipo amangosunsa nsima mu msuzi. Msuzi si ndiwo. M'mbale yake muikemo nyemba zenizeni zofinya, masamba odula bwino, kapenta kapena dzira, ndipo mudzaona ndi maso anu kuchuluka kwa zimene wadya. Pogawa ndiwo, yambani ndi wamng'ono, mayi woyembekezera ndi woyamwitsa. Phala la khanda likhale lolimba, losayenderera pa supuni, lothira nsinjiro kapena kasupuni ka saladi. Ufa wa roller meal umasunga zofunika m'thupi zambiri kuposa wa breakfast, ndipo ndi wotsika mtengo. Tiyi asamwedwe pamodzi ndi chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba; matimati, mandimu, gwafa kapena mango amathandiza thupi kumutenga.

Ngati chakudya chichedwa, mwana apatsidwe nthochi, kandolo wophika kapena peyala cha m'ma 16 koloko, m'malo mwa zotsekemera zimene zimapha njala osamanga thupi. Mwana wokana kudya musamukakamize kapena kumuopseza. Khalani naye, mumulankhule, muyesenso mawa, pakuti ana ambiri amalandira chakudya chatsopano atachiona kambirimbiri.

Mphasa ya madzulo ndi sukulunso. Pamenepo mwana amaphunzira kudikira, kugawana ndi kuthokoza. Mafoni akhale pambali. Milandu ya tsikulo isazengedwe nsima ili m'manja, chifukwa mwana wodzudzulidwa pa chakudya amadana ndi mphasa. Funsani aliyense chimene waona lero. Mayi nayenso akhale pansi adye pamodzi ndi onse, osati kudya zotsala ataimirira pafupi ndi mbale zakuda.

9. Chitsanzo cha sabata imodzi

Sande: sinjani nshawa ndi kapenta za sabata yonse, madzulo nsima, repu wotendera ndi mazira, viikani nyemba.
Lolemba: nyemba za m'dengu ndi bondwe wa m'thumba.
Lachiwiri: kapenta wa matimati ndi kalembula.
Lachitatu: soya pisi ndi chibwabwa chotendera, viikani nyemba.
Lachinayi: nyemba ndi therere.
Lachisanu: mfutso wotendera ndi mpunga wa m'dengu.

M'mabanja amene amaphikiratu Lachisanu chakudya cha pa Sabata, pamene firiji palibe kapena magetsi azima, sankhani zosawonongeka msanga: nshawa zokazinga, buledi, zipatso, kandolo wowotcha. Ndiwo zotendera zimasasa msanga m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, choncho zisagonekedwe.

10. Mafunso okambirana m'magulu

a) Kodi pakhomo panu chakudya cha madzulo chimafika pamphasa nthawi yanji, ndipo mwana wamng'ono amagona nthawi yanji?
b) Ndi ntchito ziti za pakati pa 17 ndi 20 koloko zimene zingachitike usiku wa dzulo lake, m'mawa kapena masana?
c) Ndi ntchito ziti zimene amayi amachita okha koma abambo kapena ana akuluakulu angathe kuzichita?
d) Kodi pa puloti yanu pali banja limene mungasinthane nalo moto wa masana?
e) Kodi mzere wa pa khadi la kusikelo la mwana wanu ukukwera, waima kapena ukutsika?

Ntchito ya mwezi uno

Wophunzira aliyense apange dengu limodzi losunga kutentha ndi thumba limodzi la ndiwo, kwawo kapena kwa mnansi amene ali ndi mwana wosakwana zaka ziwiri. Kwa masiku 14 alembe m'kope zinthu zitatu: nthawi imene banja linadya, ndalama za malasha za tsikulo, ndi zimene mwana wamng'ono anadya. Sabata yoyamba aphike monga mwa masiku onse. Yachiwiri agwiritse ntchito dengu ndi kugawana ntchito. Makope amenewa mubwere nawo pa kalasi yotsatira, kuti tidzaone pamodzi chimene chasintha ndi chimene chikufunika kukonzanso.